Kodi manambala a pamutu pa bawuti amanenanji?

Pamutu pa bawuti pamakhala zolembedwa. Ambiri sitiziona chifukwa pamakhala patamata dothi, girisi kapena dzimbiri, koma mukapukuta ndi chala n'kuyang'anitsitsa mupeza 4.6, kapena 8.8, kapena 10.9. Pena mupeza timizere titatu toloza pakati, pena tisanu n'kamodzi. Ina mutu wake uli see, wopanda kanthu. Funso langa ndi lophweka: ngati opanga anavutikira kudinda manambalawa pa kachitsulo kalikonse, bwanji ife pogula sitiwawerenga, ndipo bwanji ogulitsa satiwerengera?

Ine ndine msungichuma wa kalabu ya alimi kwathu ku Mchinji. Tili ndi thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135, pulawo ya madisiki, hara, chotchetchera udzu ndi ngolo yake. Ntchito yanga ndi kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo kuyambira mu October mpaka mvula itakhazikika, mzere wa mabawuti umangobwerabwera m'kaundula. Ndalama yake siiwawa kwenikweni. Chowawa ndi tsiku limene thirakitala yaima pakati pa munda wa membala amene analipira kale mafuta, kumwamba kukuda, anzake ali pamzere kudikira, zonsezi chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Safunsa anadya phula, ndiye ndinayamba kufunsa amisiri amene amatikonzera makina, bambo achikulire amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya.

Ndinayamba n'kagulidwe kathu. Timafika pa benchi ya zitsulo mumsika n'kunena kuti, "Achimwene, ndipatseni bawuti ya sipanala 19, yotalika chonchi," tikuonetsa ndi zala. Mnyamata amavundula m'beseni, n'kutulutsa imodzi, ife n'kulipira. Ndinafunsa amisiriwo ngati pali cholakwika pamenepa, poti sipanala 19 imagwiradi. Anati, "Mayi, sipanala imakuuzani za mutu wokha." Anatola mabawuti awiri pansi pa benchi lawo, onse olowa bwinobwino m'sipanala imodzimodziyo. Ina inali M12, ndiye kuti thunthu lake ndi mamilimita 12. Inzakeyo inali ya theka la inchi, mamilimita 12.7, ndipo mutu wake anaupangira sipanala ya 3/4 inchi, yomwe ndi mamilimita 19.05. Kusiyana kwake maso sangakuone. Koma mathiredi, timikwasa tozungulira tija momwe nati imayendamo, ndi osiyana: pa M12 wamba timatalikirana mamilimita 1.75, pomwe pa ya theka la inchi timakhala 13 pa inchi iliyonse, kapena 20 ikakhala ya mathiredi aang'onoang'ono. Nati ya theka la inchi mukaiveka pa M12 imalowa kawiri katatu kenako n'kulimba. Munthu wamphamvu amaikakamiza ndi sipanala, akumva kulimba n'kuganiza kuti wamanga, chonsecho wadya mathiredi.

Nanga zinasakanikirana bwanji pa famu imodzi? Yankho lake linali pa thirakitala yathu yomwe. Ma 135 ambiri ankapangidwa ku Coventry, ku England, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo mabawuti ake ambiri ndi a mainchi. Zida zambiri zimene timagula masiku ano zochokera ku India kapena ku China n'za mamilimita. Ndiye m'bokosi limodzi la zida muli mitundu iwiri, yofanana nkhope.

Apa ndinabwerera ku manambala aja. Kodi 8.8 ndi mtengo, chaka, kapena msinkhu? Amisiri anati ndi mphamvu, ndipo pali lamulo la mayiko onse lotchedwa ISO 898-1 limene limalongosola. Nambala yoyamba mukaichulukitsa ndi 100 imakuuzani mphamvu yokoka imene chitsulocho chingapirire chisanaduke: pa 8.8 ndi 800, ndipo 800 ameneyu ndi pafupifupi makilogalamu 80 pa kachigawo kalikonse ka milimita imodzi m'litali ndi milimita imodzi m'lifupi. Nambala yachiwiri imanena pamene chitsulo chimayambira kutanuka osabwereranso: magawo 8 mwa magawo 10 a 800, ndiye 640. Pa 4.6 mphamvu yodukira ndi 400, koma imayamba kutanuka pa 240 pokha. Pa 10.9 ndi cha m'ma 1,000 ndi 900.

Manambala otere ine sandigwira mtima mpaka atasanduka katundu amene ndimamudziwa. Tinawerengera limodzi. Bawuti ya M12 ya 4.6 imaduka mukaipachika matani pafupifupi atatu ndi theka, ngati matumba 70 a chimanga a makilogalamu 50. Ya 8.8, msinkhu womwewo, imafika matani pafupifupi 7, matumba 140. Ya 10.9 imayandikira matani 9, matumba 180. Zitatu zonsezi zili m'beseni limodzi, zolowa m'bowo limodzi, ndipo wogula amene sanapukute mutu angatenge iliyonse. Kodi pali katundu wina amene timagula chonchi, osadziwa ngati tapatsidwa wathunthu kapena theka?

Timizere tija ndi kalembedwe ka ku America, ka mabawuti a mainchi, pansi pa lamulo lawo la SAE J429. Yopanda mzere ndi giredi 2, yofewa. Ya mizere itatu ndi giredi 5. Ya mizere isanu n'umodzi ndi giredi 8. Ndinafunsa kuti bwanji mizere itatu isakhale giredi 3? Anati ndingowonjezera 2 pa mizere imene ndawerenga, ndipo sindidzasokera. Koma pali msampha umene anandichenjeza kawiri: 8.8 si giredi 8. Mphamvu ya 8.8 imafanana ndi giredi 5, ndipo yofanana ndi giredi 8 ndi 10.9. Mukauza mnyamata wa pa benchi kuti mukufuna giredi 8, iye n'kuona 8.8, adzakupatsani ndi mtima woyera, inu n'kupita kwanu ndi bawuti yocheperapo mphamvu kuposa imene munaitanitsa.

Pomwepa ndinaona ngati nkhani yatha. Ngati zili choncho, bwanji kalabu isangogula 10.9 zokhazokha, kumanga paliponse, tiiwale za kuthyokathyoka? Ndalama yowonjezera ndingailembe mosadandaula. Amisiri anapukusa mutu n'kunditengera pa chotchetchera udzu.

Kumbuyo kwa thirakitala kuli shafiti yozungulira imene amati PTO, yomwe imapereka mphamvu ya injini ku chida chimene mwakoleka. Imazungulira maulendo 540 pa mphindi, ndiye kuti kasanu n'kanayi pa sekondi iliyonse. Pamene shafitiyi imalumikizana ndi giyabokosi ya chotchetchera pali bawuti imodzi yopingasa. Mphamvu yonse imadutsa pa iyoyo. Anandionetsa imene inaduka sabata imeneyo: tizidutswa titatu, mutu, pakati ndi kumapeto kuli nati, ndipo podukapo pali mbee, posalala, popanda dzimbiri. Mpeni wa chotchetchera unagunda chitsa chobisika mu udzu n'kuima mwadzidzidzi, injini ikadali kukoka. Chinachake chinayenera kugonja. Bawutiyo inadulidwa, shafiti inapitiriza kuzungulira yokha, giyabokosi inapulumuka. "Iyi sinalephere, mayi," anatero. "Ntchito yake ndi imeneyi."

Ndinakhala chete kaye, chifukwa m'kaundula mwanga bawuti imeneyi ndinkailemba ngati chowonongeka. Eti pali bawuti imene anaipangira kuti ithyoke? Ilipodi, ndipo si pa chotchetchera pokha. Imapezeka pa makina okumbira maenje a mitengo ya mpanda, pa makina omangira udzu, ndi pa miyendo ya mapulawo ena, kuti khasu likakodwa pa mwala kapena muzu libwerere m'mbuyo m'malo mopinda felemu yonse. Pa zotchetchera zambiri opanga amalamula bawuti yofewa ya giredi 2. Woyendetsa akatopa n'kutsikatsika kukasintha, amaikapo yolimba, ndipo tsiku limenelo amalima mokondwa. Chitsa chotsatira chikapezeka, bawuti yolimbayo siigonja, ndiye amagonja ndi mano a m'giyabokosi, kapena shafiti, kapena za m'kati mwa thirakitala momwe. Bawuti ndingaigule ndi ndalama ya m'thumba. Giyabokosi imafuna msonkhano wa mamembala onse.

Ndiye kuti pamalo otere tiziika yofewa nthawi zonse? Ayinso. Opanga ena amalamula 8.8 kapena kuposera apo pa malo odukira, chifukwa anawerengera kukula kwa bowo ndi mphamvu ya makina awo, ndipo bawuti yolimba imaduka mwaukhondo pomwe yofewa imatha kupindika n'kukanirira m'bowo. Mawu omaliza ali m'buku la chidacho. Apa ndinadandaula, poti zida zathu tinagula kwa ena ndipo mabuku sitinawaonepo. Amisiri anati pamenepo munthu amayang'ana mutu wa bawuti imene inabwera ndi chidacho ngati ikadalipo, kapena kufunsa ogulitsa zida za mtundu umenewo. Zonse zikakanika, pa malo odukira ndi bwino kuyamba ndi yofewa. Ikamaduka pafupipafupi popanda chogunda, mwataya kandalama kochepa ndipo mwaphunzirapo kanthu.

Ndinamvapo anthu ena akunena kuti mabawuti olimba kwambiri ndi osachedwa kuthyoka, choncho 8.8 imaposa 10.9 kulikonse kumene kuli kugwedezeka. Ndinafunsa ngati n'zoona. Anati pali choonadi pang'ono chimene anthu amachikulitsa. Chitsulo cholimba kwambiri sichitanuka kwambiri chisanaduke, ndipo 12.9, yomwe ndi yolimbitsitsa, siigwirizana ndi chinyontho ndi feteleza, imatha kuchita ming'alu n'kuduka osachenjeza. N'chifukwa chake malo ake ndi m'kati mwa makina, osati panja pa pulawo. Koma katundu amene angadule 10.9 anakhala atadula kale 8.8. Choncho pa malo amene ntchito ya bawuti ndi kugwira basi, monga pa magudumu, pa chitsulo chokokera ngolo, pa mipeni ya chotchetchera, pa felemu yoteteza woyendetsa thirakitala ikagubuduzika, kutsika giredi n'koopsa. Ngolo yathu imanyamula chimanga, komanso nthawi zina imanyamula anthu. Mpeni wa chotchetchera ukachoka uli pa liwiro umapita kumene wafuna, ndipo ana amakonda kuima m'mbali mwa munda kuonerera thirakitala.

Chinthu chimodzi chinandisokonezabe. Pa hara yathu panali 8.8, giredi yoyenera, koma inathyoka popanda kugunda chilichonse. Kodi inali yabodza? Amisiri anapempha chidutswa chake n'kuchiyang'ana podukira. Theka la nkhope yake linali lakuda, losalala, lokhala ndi timizere topindika tambirimbiri totsatizana, ndipo dzimbiri linali litalowamo. Mbali yotsalayo, yaing'ono, inali yowala ndi yokhakhala. Anati mbali yakudayo ndi mng'alu umene unakhala ukuyenda pang'onopang'ono kwa masabata ambiri, ndipo yowalayo ndi kachigawo kamene kanatsala kakugwira mpaka tsiku lomaliza. Kenako anandilozera bowo pa hara: silinali lozungulira, linali litatalika mbali imodzi. Bawutiyo inali yosamangitsa. Inkagwedezeka m'bowo, ikupindikira uku ndi uku pa chibuma chilichonse, mpaka chitsulo chinatopa.

Apa ndinamva chinthu chimene sindinachiganizirepo. Bawuti yomangidwa bwino imatanuka pang'ono kwambiri, ndipo kutanukako n'kumene kumafinya zitsulo ziwiri kuti zikhale ngati chimodzi. Zikafinyika choncho, kugwedezeka kwa m'munda sikufika kwenikweni pa bawuti. Ikakhala yolekerera, ngakhale ikhale 10.9, idzatha. Ndiye kumanga n'kofunika mofanana ndi kusankha.

Tizimanga ndi mphamvu zonse ndiye? Ndimaona anyamata akulowetsa paipi ku sipanala n'kuipondera ndi phazi. Amisiri anati M12 ya 8.8 yowuma imafuna mphamvu yofanana ndi kupachika makilogalamu pafupifupi 17 kumapeto kwa sipanala yotalika theka la mita. Munthu wa makilogalamu 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi wapyola muyezo umenewu pafupifupi kasanu n'katatu. Bawutiyo imadutsa 640 uja, kutanuka osabwerera, ndipo ikapanda kuduka pomwepo imalowa m'munda ili yovulala kale. Mukapaka girisi kapena oyilo pa mathiredi, mphamvu yofunika imachepanso, chifukwa nati imaterera. Pali sipanala yapadera yoyezera mphamvu imene imalira kuti "tsa" muyezo ukakwana. Kalabu yathu ilibe, ndipo ndaiika pa zinthu zokakambirana pa msonkhano ukubwerawu, poti mtengo wake sufika pa wa giyabokosi.

Za nati anangodutsamo mwachidule. Nayonso ili ndi nambala yake, 8 kapena 10, ndipo iyenera kufanana kapena kuposa nambala yoyamba ya bawuti. Nati yofewa pa bawuti ya 10.9 imavula mathiredi, mphamvu munalipira ija osaiona. Anatinso mbali yosalala ya thunthu ndiyo iyenera kukhala pamene zitsulo ziwiri zikumanirana, chifukwa pa mathiredi bawuti imakhala yopyapyala. Pa khasu la pulawo, ngakhale pulawo ya ng'ombe, pamafunika bawuti ya mutu wafulati ndi khosi la ngodya zinayi, kuti dothi liziterera pamwamba ndipo bawuti isamazungulire pomanga. Ya mutu wotumphuka dothi limaupala mpaka sipanala kusowa pogwira.

Nanga mtundu wake? Kwathu anthu amati yakuda ndiyo yolimba, ena amati yachikasu. Anati mtundu ndi chovala chabe choteteza ku dzimbiri, sunena za mphamvu. Ngakhale zonyezimira zija zosachita dzimbiri, zolembedwa A2-70, zimene zimakhala zodula, mphamvu yake yodukira ndi 700 ndipo zimayamba kutanuka pa 450, pansi pa 8.8. Munthu amalipira zambiri n'kutenga yofookerapo.

Funso limene linandivuta kufunsa linali la zizolowezi zathu, chifukwa onse timachita. Nati ikamamasukamasuka timaitana wowotcherera kuti aidontheze kamoto. Bawuti ikakana kutuluka timaiwotcha mpaka ifiire, kenako n'kuibwezera pomwepo. Amisiri anati mabawuti a 8.8 kupita m'mwamba mphamvu yawo anaipeza ku fakitale powatenthetsa, kuwaziziritsa mwadzidzidzi, n'kuwatenthetsanso pa muyezo wake. Moto wathu umafufuta zonsezo. Pamutu pamatsala palembedwe 8.8, koma chitsulocho sichilinso 8.8. Chimodzimodzinso mabawuti ochotsedwa ku magalimoto akutha amene amadzaza mabeseni mumsika: ena ndi abwino kuposa atsopano otchipa, koma ena anatanuka kale. Poyesa, yendetsani nati ndi zala kuyambira kunsonga mpaka kumapeto kwa mathiredi. Ikakakamira pakati pomwe mathiredi ali oyera, bawutiyo inakokeka, isiyeni.

Ndiye kodi nambala yapamutu tingaikhulupirire nthawi zonse? Kudinda 8.8 pa chitsulo chofewa si kovuta, ndipo vutoli si la kuno kokha. Ku America mabawuti abodza anachuluka mpaka boma lawo linakhazikitsa lamulo lapadera, Fastener Quality Act, mu 1990. Bawuti yolongosoka imakhala ndi zinthu ziwiri pamutu: giredi ndi chizindikiro cha fakitale imene inaipanga. Yokhala ndi giredi yokha, kapena manambala osaoneka bwino, pamtengo wotsika modabwitsa, siyoyenera kupita pa gudumu kapena pa mpeni. Yopanda chilichonse muitenge ngati yofewa, muimangire chitseko cha khola kapena matabwa a ngolo.

Zonsezi amisiri anandifotokozera titakhala pa benchi, popanda bolodi kapena buku, ndipo palibe chimene chinali chovuta kumva. Apa m'pamene kudabwa kwanga kwakulira. Alangizi amatiphunzitsa kuwerenga manambala a pa thumba la feteleza, ndipo mlimi aliyense amadziwa kusiyanitsa wokulitsa ndi wobereketsa. Palibe amene amapita ku sitolo n'kunena kuti ndipatseni feteleza aliyense wolowa m'thumba ili. Nanga bwanji pa zitsulo zimene zanyamula miyoyo ya anthu ndi chuma cha kalabu yonse timangotchula sipanala? Mathirakitala obwereketsa akuchuluka m'midzi, oyendetsa ambiri ndi anyamata amene anaphunzira pongoonerera, ndipo amisiri odziwa zinthu izi akukalamba. Anyamatawa adzawauza ndani?

Ku kalabu kwathu tagwirizana zochepa. Mabawuti odukira a chotchetchera akhala m'chitini chawochawo cholembedwa dzina, ndipo woyendetsa azinyamula angapo popita kumunda kuti asakopeke kuikapo iliyonse imene wapeza. Posintha azithimitsa injini kaye, chifukwa shafiti ija siisankha pakati pa udzu ndi malaya a munthu. Wotumidwa kukagula azitenga bawuti yakale m'thumba pamodzi ndi nati yake, ndipo pa lisiti ndizifuna kuona giredi, osati mtengo wokha.

Inu achimwene a pa benchi ya zitsulo, kaya muli ku Mchinji, ku Malangalanga kapena ku Ndirande, ndikupempheni chinthu chimodzi. Patulani mabeseni anu, 4.6 payokha, 8.8 payokha, za mainchi kwina, za mamilimita kwina. Ndipo mlimi akabwera akuonetsa utali ndi zala, musanavundule m'beseni, mufunseni kuti bawutiyo ikukamanga chiyani.